Tauni yafika m'munda mwathu, amalume akuti tigulitse: titani?

Funso: "Ndine mayi wa ana anayi, kwathu ndi mbali ya Mpingu, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe. Agogo athu aakazi anatisiyira munda wa maekala 5, dimba kumunsi kwake, ndi kankhalango kogundana ndi manda. Oyandikana nawo minda ambiri anagulitsa, moti pomwe tinkadutsa popita kudambo pano pali mipanda ya njerwa. Tsopano amalume abwera ndi anthu awiri a galimoto, akuti tigulitse maekala 3 msanga chifukwa tauni ikatipeza boma lidzalanda ulele. Ang'ono anga awiri avomera, ine mtima ukukana. Kodi n'zoona kuti adzatilanda? Kapena ndikuchedwetsa anzanga? Nanga mitengo ija tiiteteze bwanji, poti ootcha njerwa ayamba kale kuiloza?"

Yankho: Mayi, mtima pansi kaye. Simukuchedwetsa aliyense, ndipo kukana kwa mtima wanuko si umbuli. Zaka zonse zomwe ndayenda ndi tepi ndi zikhomo m'minda ya anthu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe, sindinakumanepo ndi banja lolira chifukwa linachedwa mwezi umodzi kusayina pepala la malo. Olira onse omwe ndawaona ndi omwe anadinda chala tsiku lomwelo, galimoto isanazimitse n'komwe injini.

Tiyambe ndi mawu akuti boma lidzalanda ulele, chifukwa ndicho chikwapu chomwe madobadoba amakusira nacho anthu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 44, amati boma lingatenge katundu wa munthu pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, monga msewu, sukulu kapena mapaipi a madzi. Mwini wake ayenera kudziwitsidwa nthawi ilipo, kupatsidwa chipukuta misozi choyenera, ndipo akapanda kukhutira ali ndi ufulu wopita kukhoti. Sindikunamizani, chipukuta misozi chimatha kuchedwa, ndipo ambiri amadandaula kuti n'chochepa. Koma kuchedwa si kulanda. Komanso boma likafuna malo silituma anyamata awiri kudzera kwa amalume. Limadzera kwa bwanamkubwa ndi mfumu yaikulu, pamsonkhano wa mudzi wonse, ndi makalata m'manja. Alendo ajawo akadzabweranso muwafunse funso limodzi lokha: ngati malowa akulandidwa posachedwa, iwo akuwafuniranji?

Pomwe amalume sakunama m'pakuti tauni ikubweradi, ndipo sibwerera. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, kulowa m'malo mwa Zomba. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 670,000 mumzindawu, wa 2018 anapeza 989,318. Anthu oposa 300,000 owonjezera m'zaka 10 zokha, ndipo aliyense akufuna pogona. Mapuloti ovomerezeka mkati mwa mzinda ndi ochepa, odula, ndipo kuwapeza n'kwa odekha. Ndiye mphunzitsi, wapolisi, wamalonda ndi m'bale wathu wa ku Johannesburg wotumiza ndalama pa foni, onse amathamangira kunja kwa malire a khonsolo, komwe malo ali m'manja mwa mafumu ndipo amapezeka Loweruka limodzi. Tauni imatsata phula. Onani msewu wa Mchinji kuyambira kwa Njewa kudutsa Chitedze mpaka kwanuko, msewu wa Likuni, wa ku Bunda, ndi M1 kupita ku Lumbadzi kapena ku Nathenje. Ndipo sitimanga zosanjikizana ife. Aliyense akufuna nyumba yapansi, mpanda wake, khola la agalu ndi pomwe adzaike galimoto yomwe sanagule. Tauni yotere imayala ngati mphasa.

Chondipweteka ine n'chakuti mphasayo ikuyalidwa pa nthaka yabwino koposa. Katondo wa chigwa cha Lilongwe ndi nkhokwe ya dziko lino. Sizinachitike mwangozi kuti malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ndi sukulu ya zaulimi ya Bunda zonse zili kuno. Munda ukasanduka maziko ndi simenti, ngakhale feteleza atatsika mtengo chotani, sudzaberekanso chimanga.

Ang'ono anuwo musawaone ngati adyera. Mlimi wa m'mphepete mwa tauni amapanikizika mbali zonse. Feteleza wakwera, fizi ikudikira, matenda sagogoda. Oyandikana nawo akagulitsa, chimanga chako chimatsala chokha pakati pa mipanda, akuba mondokwa amachuluka, mbuzi zimasowa kodya, njira yakudambo imatsekedwa monga mwaonera. Munthu amafika poganiza kuti bola ndidye zanga ndisanaberedwe. Maganizo amenewo ndi omveka. Vuto lili pa masamu.

Tiwerengere limodzi. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047. Puloti yomwe madobadoba amakonda kudula ndi ya mamita 15 m'lifupi, 30 m'litali, kutanthauza masikweya mita 450. Mukachotsa timisewu, pa ekala pamatuluka mapuloti 7, ndipo aumbombo amafinya mpaka 8. Maekala 3 omwe akufunawo ndi mapuloti oposa 20. Tumani mwana wanu wamkulu, ngati ndi wochenjera, akafunse ngati wogula kuti puloti imodzi ikupita pa zingati m'minda yomwe anzanu anagulitsa. Mtengowo muuchulukitse ka 20, muyerekeze ndi zomwe amalume alonjezedwa. Kawirikawiri mapuloti ochepa oyambirira amabweza ndalama yonse yomwe mwini munda analandira, otsalawo ndi phindu la munthu yemwe sanagwirepo khasu pamalopo. Ndipo pa zomwe mulandirezo pali ya wolozera, ya mboni, ya "kuona mfumu", kenako mugawane mabere onse.

Ndalama yotsalayo imasungunuka. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa munda chaka cha 2021 n'kusunga ndalama kuti amange pang'onopang'ono anadzuka tsiku lina ndalama yake ikugula theka la simenti yomwe ankayembekeza, pomwe munda womwe anagulitsa unali utakwera mtengo. Ndimakumbukira bambo wina yemwe ndinamuyezera malire zaka zapitazo. Anagulitsa maekala 2, nagula malata, wailesi yaikulu ndi njinga yamoto yoti mwana wake azichita kabaza. Njingayo inachita ngozi chaka chisanathe. Nditadutsanso kumeneko ndinamupeza atakhala pa chitini pageti la nyumba ya mpanda, tochi m'manja, ndi mlonda. Anandilozera pomwe pali thanki ya madzi ya abwana ake, akuti, "Apo m'pomwe panali chulu, maungu ake ankachita kukanika kunyamula." Ufa amagula wa pa mbale pamsika.

Si onse amathera pageti, ayi. Ndaonapo mabanja omwe anataya ekala imodzi n'kukagula maekala angapo ku Mchinji kapena ku Kasungu, ena anamanga nyumba za lendi. Koma onsewo anali atadziwa kale komwe ndalama ikupita asanailandire.

Tsopano za mitengo. Nyumba ya m'tauni imadya nkhalango kawiri. Koyamba pomangidwa: uvuni wa njerwa umafuna zipika zikuluzikulu za mitengo yachilengedwe, yolimba, yoyaka usiku wonse, ndiye chifukwa chake akuloza kankhalango kanu osati bulugamu wa pamsewu. Kachiwiri imadya tsiku ndi tsiku pa mbaula, chifukwa mabanja ambiri a m'tauni amaphikira makala ngakhale nyumba ili ndi magetsi. Mukaima pamsewu wa Likuni mbandakucha mudzaona njinga zikutsika mondondozana, matumba atasanjikizidwa kuposa mutu wa wopalasa. Ambiri mwa makala amenewo ndi a ku Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 yomwe inatetezedwa mu 1922. M'menemo ndi momwe mumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe mzinda umamwa. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo. Tauni ikutema nthambi yomwe yakhalira. Mu 2018 panatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu za boma ndi zamalonda, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa zilango. Koma nyumba za anthu wamba, zomwe ndizo zikudzaza minda yakwanuko, zambiri zikumangidwabe ndi njerwa za uvuni.

A ku Blantyre anaona kale mathero ake. Phiri la Ndirande linametedwa mpala, la Soche nyumba zinakwera mpaka m'khosi. Namondwe wa Freddy atafika mu March 2023, mvula inali yoopsa zedi, palibe angatsutse, koma matope ndi miyala zomwe zinatsikira ku Chilobwe zinapeza phiri lopanda mizu yogwira dothi ndi nyumba zomangidwa m'njira ya madzi. Kwanuko kulibe phiri lotero, koma kuli dambo. Dambo ndi chinkhupule cha mudzi: limamwa madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mukalikwirira ndi kumangapo, madzi a pa malata onsewo amathamangira kumtsinje nthawi imodzi, ngati momwe Lingadzi anasefukira ku Mtandire mu February 2017. Chilimwe chikafika zitsime zimaphwa msanga. Ndiye dimba lanulo musaliike pa malonda ngakhale m'maloto.

Nanga mutani? Yambani ndi pakhomo. Kwathu kuno malo amayenda ndi bere la akazi. Amalume ndi mwini mbumba, inde, koma umwini mbumba ndi usungi: kuyang'anira, kuweruza, kuimira alongo awo ndi ana a alongo awo. Munda wa agogo anu aakazi ndi wa mbumba yonse, kuphatikizapo omwe ali kutali ndi ana omwe sanakule. Musakangane nawo amalume pamaso pa alendo, mungawachititse manyazi n'kuumitsa khosi lawo. Apempheni mwaulemu kuti aitanitse mbumba yonse, ndipo omwe ali kunja alankhule pa foni onse akumva. Pamsonkhanopo musayambe ndi kuti "tigulitse kapena ayi". Yambani ndi kufunsa vuto lomwe aliyense akufuna ndalamayo ithetse. Nthawi zambiri mudzapeza kuti wina akufuna fizi ya chaka chimodzi, wina malata 30, ndipo zonsezo pamodzi sizikufika mtengo wa ekala imodzi, kuli bwanji atatu.

Kenako malowo adziwike malire ake ndi eni ake. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo awo n'kulandira chiphaso. Ntchitoyi imadzera mu komiti ya malo ya kwa gulupu, momwe a gulupu ndi wapampando ndipo mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Kulembetsaku kunayambira m'madera oyeserera ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo sikunafike paliponse mofanana, choncho pitani ku ofesi ya zamalo kwa bwanamkubwa wa Lilongwe mukafunse pomwe dera lanu lafika. Polembetsa muonetsetse kuti maina a inu ndi ang'ono anu alipo. Ndaonapo chiphaso cha munda wa mbumba chitatuluka m'dzina la mwamuna mmodzi chifukwa ndiye ankadziwa Chingerezi, ndipo kukonza zimenezo kunatenga zaka. Pomwe mukudikira, yendani m'malire ndi a nyakwawa ndi onse ogundana nawo, mulembe zomwe mwagwirizana, aliyense asayine, ndipo mubzale mitengo kapena khonje m'malire monsemo. Mpanda wa njerwa wa mnansi watsopano umakonda kuyenda usiku ukaona kuti mbali inayo kulibe chizindikiro.

Dziwaninso kuti malo a makolo si mbuzi yoti munthu mmodzi n'kukoka kupita nayo kumsika. Mfumu ilibe mphamvu yowagulitsa, amalume okha alibenso, ndipo kusintha kwa malamulo kwa 2022 kunakhwimitsa kagulitsidwe ka malo, makamaka kwa anthu omwe si nzika. Kapepala kolemba pamanja kodindidwa kwa mfumu, komwe ambiri amakatcha umboni, kamagwetsa m'mavuto wogula ndi wogulitsa yemwe. Komanso lamulo la mapulani la 2016 limakhudza dziko lonse, osati mizinda yokha, moti kudula mapuloti kumafuna chilolezo. Madobadoba ambiri salabada zimenezi, ndiye chifukwa chake mumaona nyumba zopanda msewu wolowera, chimbudzi cha wina chitayang'anizana ndi chitsime cha mnzake.

Njira zopezera ndalama munda uli wanu zilipo, ndipo tauni yomweyo ndiyo imazibweretsa. Anthu a m'mipandawo amadya tsiku lililonse koma salima. Dimba lokhala ndi madzi pafupi ndi mzinda, lobzalidwa tomato, anyezi, mpiru, chayinizi ndi mondokwa wa chilimwe, limatha kuposa munda wonse wa chimanga, ndipo msika simuchita kuufunafuna. Mazira, nkhuku, mbande za mitengo ya zipatso zogulitsa kwa omanga nyumba, zonsezi zimayenda. Ekala yomwe mwalephera kuilima chaka chino mutha kuibwereketsa kwa wolima, pa pepala lonena kuti ndi nyengo imodzi kapena ziwiri, osamangapo kanthu, osabzalapo mitengo, mboni zilipo. Koma owumba njerwa musawabwereke ngakhale atalipira bwanji. Amachotsa dothi lapamwamba lomwe linatenga mibadwo kuti lipangike, n'kukusiyirani maenje osunga udzudzu ndi omiza ana. Kumeneko n'kugulitsa munda popanda kulandira mtengo wake.

Ngati mbumba yakhala pansi n'kuona kuti palibe kuchitira mwina, pali matenda kapena ngongole, ndiye patuleni kachigawo kakang'ono, kouma, kakumsewu, osati pakati pa munda. Musanalandire tambala pitani nonse ku ofesi ya zamalo akuuzeni njira yomwe lamulo likulola pa malo anuwo. Woyeza malo akhale wovomerezeka, woitanidwa ndi inu, osati wobwera m'galimoto ya wogula. Njira yopita kudimba, kumanda ndi kumjigo isiyidwe poyera, yotakata yoti ngolo n'kudutsa, ndipo ilembedwe. Ndalama ilowe ku banki, isagone m'nyumba. Ine ndikanakhala inu, pa kachigawo kakumsewuko ndikanakonda banja limange lokha timanyumba tiwiri ta lendi pang'onopang'ono, kuti kukwera mtengo kwa malo kupindulire zidzukulu za agogo aja.

Kankhalango kaja kali ndi mwayi umodzi waukulu: kagundana ndi manda. Mukayenda m'chigwa cha Lilongwe lero, pomwe mwaona mitengo yachilengedwe itaima yowirira, dziwani kuti pali manda kapena dambwe. Ulemu wa malo amenewo wateteza mitengo kuposa alonda. Koma obwera sadziwa miyambo yanu, ndipo manda ena ozungulira mzinda atsala ngati chilumba, mipanda itawadya m'mbali. Kambiranani ndi a mfumu kuti kankhalangoko pamodzi ndi msitu wa kumanda zikhale nkhalango ya m'mudzi, zomwe lamulo la nkhalango la 1997 limalola. Mlangizi wa zankhalango akuthandizani kukhazikitsa komiti, kulemba malamulo a mudzi ndi kuika malire. Zikatero munthu mmodzi sangagulitse mtengo kwa ootcha njerwa mwakachetechete, chifukwa wayamba mlandu ndi mudzi wonse. Pomwe anadula kale simufunika kugula mbande. Zitsa za masuku, miwanga ndi mitengo ina yachilengedwe zimaphukira zokha. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, muchotse zinazo, mulambule m'mbali moto wolusa usanayambe, mbuzi zisalowemo. M'chigawo chanucho, kutali pang'ono ndi manda, pachikani ming'oma ya njuchi. Uchi uli ndi msika m'tauni, ndipo wankhwangwa saima nthawi yaitali pansi pa mng'oma. Nkhuni zapakhomo bzalani zanu m'malire a munda, kesha kapena gilisidiya, kuti inunso musamalowe ndi chikwanje m'nkhalango yomwe mukuletsa ena.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona musadikirenso msonkhano wa banja. Mukamva kuti amalume alandira kale ndalama ya chikole, mukapatsidwa pepala loti musayine musanaliwerenge kapena lopanda mtengo, wina akakuopsezani, kapena mukadzuka m'mawa n'kupeza zikhomo ndi mabikoni m'munda, tsiku lomwelo jambulani ndi foni, musazule kanthu, mupite kwa a gulupu ndi mboni ziwiri. Mulembe kalata yonena kuti malowo ndi a mbumba ndipo inu simunavomere, ina ipite ku ofesi ya zamalo, ina musunge yodindidwa. Milandu ya malo a makolo imayambira kwa mfumu yaikulu, n'kukwera ku boma ngati simunakhutire. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi ku Lilongwe ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza anthu otere. Fulumirani wogula asanathire maziko, chifukwa nyumba ikafika pa windo mlandu umalemera, ndipo oweruza ambiri amayamba kukamba zokubwezerani ndalama m'malo mwa munda.